Mphika Umene Unandinenera Chigololo

Mkazi wanga anamwalira mphepo ya nyengo yozizira itangotha, fumbi litayamba. Za matenda ake sindikamba. Ndikamba za miphika.

Anali ndi miphika yadothi ya maluwa, yofiira ija yowotcha. Ina inali yaing'ono, ina yapakati, umodzi waukulu woti khanda likhoza kusambiramo. Ankagula umodziumodzi kwa mayi wina woumba wa njira ya ku Chanyanya, n'kubwera nawo pamutu. Ine ndinkamufunsa kuti kodi maluwa amadyedwa? Iye ankati nanga mpira wa pa wailesi umadyedwa? Tinakhala choncho zaka zonse, ndipo ine sindinathirirepo duwa ngakhale limodzi.

Titaika maliro, abale ake anakhala pansi kugawana katundu. Zitenje zinapita, nsapato zinapita, mapoto, mbale, mabulangeti. Anandisiyira awiri, lina labwino, lina loti ukafunda umaona denga. Sindinakane, ndi mwambo. Wotsogolera zonse anali mayi ake aang'ono a malemu, a ku Shimabala, amene ine ndimati bapongozi. Mayi wamfupi, mawu ngati hutala ya minibasi. Atatha za m'nyumba anatuluka panja n'kuima pakati pa miphika, manja m'chiuno. Ine ndinanjuta chapatali, chipewa m'manja, monga mkamwini wa ulemu.

"Bakamwini, iyi sititenga," anatero. "Ikhale pano mpaka chaka chikwane, tikabwera kukusudzulani. Koma mumve bwino. Mphika wa munthu wakufa sung'aluka chabe. Ukang'aluka, ndiye kuti mwini wake waona chinthu. Ndiye kuti mwamuna wadumpha mpanda. Tikapeza mng'alu, kulibe kusudzula."

Ndinati, "Ndamva, bapongozi."

Ine ndimakonza njinga ndi mawilibala pafupi ndi msika, ndiye anthu a mitundu yonse amadutsa pa ine. Ndinafunsa Msoli. Ndinafunsa Mtonga wobweretsa makala. Ndinafunsa Mlozi, ndinafunsa M'bemba wina amene amadziwa chilichonse ngakhale usanamufunse. Palibe anamvapo za mphika woona chigololo. Ndinaimbira amalume anga kwathu kum'mawa, anandifunsa kuti ndamwa chiyani. Mwambo umenewo unabadwira pabwalo panga, ine ndikuona, ndipo mzamba wake anali bapongozi.

Koma wofedwa alibe pakamwa. Abale a mkazi akapanda kukumasula, umakhala munthu wa theka. Akazi a m'komboni amakuopa, ati uli ndi chibanda cha malemu, ati amene wagona naye amapenga. Sungakwatire. Ungakhale ndi imvi, ungakhale ndi mwana wamkulu, umadikira kuti wina akuuze kuti manje yenda.

Ndipo ine ndinali ndi chifukwa chofunira kuyenda. Sindibisa, ndine mwamuna, sindine chitsa. Miyezi itapita, panali mayi wina wogulitsa nsomba zouma mumsika, nayenso anafedwa kale ndipo anamasulidwa kale. Njinga yake inkaonongeka kuposa njinga zonse za mu Kafue. Lero buleki, mawa tcheni, mkuja akuti ikulira penapake, ine kufufuza kulibe chikulira. Tinkangokamba, njinga ili pakati pathu. Palibe china chinachitika. Tsiku lina anandiuza poyera.

"Ine nidzadikira chaka chikwane. Chimodzi, osati ziwiri. Kuli wabutchala akufunsa za ine, ndipo iye alibe chibanda."

Ndiye moyo wanga wonse unali m'manja mwa dothi.

Mvula inadutsa bwino. Ndinaphunzira kuthirira, maluwa ena anafa, koma za maluwa bapongozi sanakambe. Vuto linayamba Juni atalowa. Amene sanagonepo mu Kafue nyengo imeneyo asandiuze za kuzizira. Mphepo imachokera kumtsinje n'kudzakhala m'malo otsika, ndipo nyumba yanga ili kumunsi, pafupi ndi dambo. M'mawa wina umadzuka udzu uli mbuu ngati wina wamwazapo mchere. Kwa neba, mphika umene anasiya panja ndi madzi unapezeka utang'aluka pakati. Neba ameneyo mkazi wake ali moyo, ndiye palibe anamufunsa kanthu.

Ndinapalasa njinga kupita kwa mayi woumba uja. Ndinamupeza akupeta udzu wowotchera, ndinamufotokozera zonse.

"Dothi lowotcha limamwa madzi ngati chidakwa," anatero. "Likagona litakhuta, chisanu n'kulipeza, limang'aluka. Musathirire madzulo. Dikirani dzuwa likwere, ndipo pang'ono chabe. Muichotse pansi, muiike panjerwa. Chibowo cha pansi chisatsekeke. Muiveke."

Ndinamufunsa ngati miphika yake imadziwa za chigololo.

"Ikanadziwa, bwenzi ine ndili ndi galimoto," anatero, n'kupitiriza ntchito yake.

Ndinachita zonse. Ndinaisuntha kuchoka pafupi ndi pompi, pamene pansi sipauma, n'kuifoletsa m'mbali mwa khoma, pansi pa malata, mbali imene dzuwa limayambira. Uliwonse panjerwa zake. Zibowo ndinazitokosa ndi sipoko ya njinga, zina zinali zitatsekeka ndi mizu ngati mphuno ya munthu wa chimfine. Ndinasonkhanitsa masaka a unga, kuikamo udzu wouma, kukulunga mphika uliwonse, kumanga ndi mphira za machubu akale. Mphira ndili nazo zambiri, ndiye chuma changa. Waukulu uja unakana saka lililonse. Ndinaufunditsa bulangeti labwino lija. Ine ndinkagona ndi loona denga, nditavala ovolosi ndi jekete.

Munthu wamkulu. Ndinkadzuka mafupa ali gwaa, n'kupita kukagwada pakhoma, kugogoda mphika uliwonse ndi chala kuti ndimve. Wamoyo umati ngwee. Wong'aluka umayankha ngati chitseko chonyowa. Aneba ankadutsa kupita kukakwera basi za ku Lusaka.

"Mudala, ana agona bwanji?"

"Mwawapatsa phala?"

"Muwagulire tizipewa, makutu ali panja!"

Ndikanayankha bwenzi ndili kupolisi.

Pakhomo ndimakhala ndi mwana wanga wamkazi, womaliza. Ndi wamkulu, amagwira ntchito m'shopu m'tauni, ndipo amapemphera ku matchalitchi a masipika aja. Iye nkhani ya miphika anaiona mwina.

"Ba tate, iyi miphika ni guwa. Ikumangani. Ba pasita bakamba kuti tiiphwanye yonse, tipemphere, mumasuke."

Ndinamuuza kuti akakhudza umodzi azikagona kwa ba pasita. Ndiye kumanzere kunali wina woti usang'aluke ngakhale umodzi, kumanja wina woti tiphwanye yonse, ndipo onse awiri ankati akukamba zauzimu. Mwana anagonja. Anangoidzoza mafuta opempherera, kadontho pa uliwonse. Ndinamulola. Mafuta sang'alula dothi.

Ndi mwana wabwino, ndinene zoona. Chimwalirire mayi ake, m'mawa uliwonse ankandiphikira madzi osamba pambaula asanapite kuntchito. Sindinamupemphe. Anangoyamba.

Juni anatha, miphika yonse ikuti ngwee. Ndinayamba kuyenda ngati munthu. Kunatsala pang'ono kuti chaka chikwane.

Ndiye kunabwera m'mawa wina wa Julayi umene ngakhale agalu sanauwe. Madzi a m'beseni panja anali ndi kakhungu kolimba pamwamba. Ine ndinali kuchimbudzi. Ndinangomva kuti thaa! ngati tayala laphulika patali. Ndinatuluka lamba ali m'manja.

Mwana wanga anali ataima pa mphika waukulu, bulangeti lili pansi, ketulo m'manja, nthunzi ili tolotolo. Mng'alu unayambira kukamwa mpaka pansi, wowongoka ngati wojambula ndi rula. Madzi otentha ankatulukira pamenepo n'kuyenderera panjerwa.

"Ba tate, ninavundukula kuti nione. Masamba yenze yauma gwa, dothi monga mwala. Ni maluwa ya ba mami. Ninamva chifundo. Ninati nithireko chabe pang'ono, yamve kufunda."

Madzi anga osamba. Owira. Pa dothi lozizira ngati chitsulo.

Ndinalankhula mawu amene sindilemba pano. Aneba anawamva, akhoza kukuuzani. Kenako mwana anakhala pansi ndi ketulo yake n'kuyamba kulira, osati kulirira ine kapena mphika, kulirira mayi ake. Nanga munthu amene waona bambo ake akufunditsa mphika bulangeti kwa mwezi wathunthu, ungamuuze bwanji kuti mphika si munthu? Ndinasamba madzi ozizira tsiku limenelo.

Ndinaganiza zomata ndi simenti n'kutembenuzira mng'alu kukhoma. Sindinapeze mpata. M'komboni nkhani imakwera minibasi mwini wake asanavale nsapato. Sabata isanathe, bapongozi anali pageti.

Sanalowe m'nyumba, sanalandire madzi. Anapita pakhoma, anavula mphika uliwonse saka lake ngati nesi wa sikelo. Atafika pa waukulu analowetsa chikhadabo mumng'alu n'kuyendetsa kuyambira pamwamba mpaka pansi. Anapukusa mutu.

"Mwana wanga walankhula."

Mwana wanga wamoyo anagwada. "Ambuya, nine. Ninathira madzi yotentha. Ba tate benze kuchimbudzi, sibanachite chilichonse."

"Mwana wabwino amabisa maliseche a atate ake," anatero bapongozi. "Wakula bwino."

"Ambuya, ketulo iyi apa! Aneba banaona!"

"Nanga anakutuma ndani kuthira madzi? Unayamba wathirapo kale? Ni mayi ako anagwira dzanja lako." Anatembenukira kwa ine. "Bakamwini, za njinga tinamva. Njinga imodzi, kuonongeka tsiku lililonse. Tiyambiranso. Chaka china, kuyambira lero. Ndipo yotsalayi muisamale."

Ndinali nditanjuta, chipewa m'manja. Chipewa chimenecho sichinabwererenso mmene chinalili. Koma pakamwa panatuluka kuti, "Ndamva, bapongozi."

M'mawa mwake ndinadutsa pa mayi wa nsomba. Sanadikire kuti ndiyambe.

"Nauzidwa kale. Ine nidziwa kuti simunachite kanthu, ndine mboni, ndipo nidziwa bwino kuposa aliyense. Koma chaka china, awe. Wabutchala apita kwa abale anga mwezi ukatha."

Ndinakhala pa ntchito tsiku lonse osagwira sipanala. Ndinaganiza za mphepo ina yathunthu, masaka ena, kugwada kwina. Ndinaganiza kuti ngakhale nditaisamala bwanji, mbuzi ikhoza kulowa, mwana wa neba akhoza kuponya mwala, ndipo bapongozi adzati malemu anagwira dzanja la mbuzi. Mlandu woti sungaupambane, usamauzengere pakhomo pako.

Kuli kalole kamene kamabweretsa kabichi ndi tomato kuchokera ku Shimabala m'mawa, n'kubwerera kopanda kanthu masana. Dalaivala wake ndimamukonzera wilibala. Ndinakamba naye. Loweruka tinakweza miphika yonse, ndi masaka ake, ndi wong'aluka womwe. Mwana wanga anakhala kumbuyo ataikumbatira kuti isagundane pa mabampu. Anandifunsa kuti tikukataya kuti. Ndinati sitikutaya, tikukacheza.

Kwa bapongozi ndi pamtetete. Minda mbali zonse, chimanga anakolola kale, kulibe mtengo wotchinga mphepo. Tinafika dzuwa litapendeka. Amuna awo anali pampando panja, akumata kheni yothirira ndi pulasitiki yosungunula. Mudala wosalankhula. Pa zaka zonse za ukwati wanga ndinamumvapo akunena moni ndi zikomo, basi.

Tinatsitsa miphika pakati penipeni pa bwalo, pansi, popanda njerwa. Ndinavula uliwonse saka lake, kupinda bwinobwino, kubwezera mu lole. Bulangeti ndinapinda, kubwezera mu lole. Ndinapempha ndowa. Ndinaithirira yonse mpaka madzi kusefukira, kubwereza kachiwiri kuti ikhute. Ndipamene bapongozi anatuluka m'nyumba.

"Ichi n'chiyani?"

Ndinanjuta patali monga mwa nthawi zonse.

"Bapongozi, ndabweretsa miphika ya mwana wanu. Kwanga walankhula, tonse tamva. Manje ndaona kuti si bwino malemu aziona nyumba imodzi chabe. Inu ndinu mayi ake, anakukondani. Akhale kuno masiku a mphepo otsalawa. Wina ukang'aluka, mutiitane, tidzamve kuti waona chiyani."

Dalaivala anayamba kuyang'ana matayala a lole yake.

"Mwambo sukamba choncho," anatero bapongozi.

"Ukamba bwanji?"

Sindine ndinafunsa. Anali mudala. Anali ataika kheni pansi.

"Ukamba za mwamuna wofedwa chabe."

"Ine mwambo umenewu sindinaumvepo," anatero mudala, pang'onopang'ono ngati akuwerenga chikwangwani. "Koma ndi wabwino. Munthu wakufa maso ake saona mbali imodzi. Isiyeni, bakamwini. Ine ndinakhala ku migodi zaka zambiri, nyumba ino ndinkaiona pa Khirisimasi chabe. Pali zina ndakhala ndikufuna kufunsa, koma ndinalibe womufunsa."

"Imwe! Pamaso pa ana?"

"Sindinanene kanthu. Mphika ndiwo udzanena. Usiku uno kuzizira kwambiri, mawondo anga andiuza."

Ine sindikudziwa ngati bapongozi anali ndi kanthu kobisa. Mwina analibe. Inenso ndinalibe, ndipo sizinandithandize. Iwo ankadziwa zimenezo kuposa ine, poti mwambo anaupanga okha. Anayang'ana miphika ikudontha madzi, anayang'ana kumwamba kopanda mtambo ngakhale umodzi, anayang'ana amuna awo. Analowa m'nyumba.

Ndinaganiza kuti akukatenga mthiko wondimenyera. Anatuluka ndi mbale ya unga. Anakuwira mchemwali wawo wa nyumba yoyandikana kuti abwere msanga adzakhale mboni. Mchemwali anabwera akupukuta manja, akufunsa kuti nanga abale ena, nanga mowa, nanga nkhuku?

"Tidzawauza pa foni. Bakamwini, senderani kuno."

Kwa nthawi yoyamba chikwatirire, ndinayandikira bapongozi mpaka kumva fungo la utsi pa chitenje chawo. Anatapa unga n'kundipaka pamphumi, mwamphamvu ngati akupaka laimu pakhoma.

"Takumasulani. Mwana wathu alibe nanu mlandu. Munamusunga, munamuika. Yendani, kwatirani kumene mufuna, chibanda chisakutsateni."

Ananena mothamanga ngati kondakitala woitanira anthu. Mchemwali analuluta kamodzi, mosatsimikiza. Mwana wanga anati ameni. Ine ndinkayesa ndidzaseka. M'malo mwake mawu aja akuti munamusunga anandilasa, poti chichitikire maliro palibe wa kwawo anali atanenapo zimenezo.

"Manje nyamulani zinthu zanu," anatero bapongozi. "Zonse. Pano sipagona mphika."

Tinayamba kukweza. Yonyowa inkalemera kawiri, dalaivala ankatukwana chamumtima. Titatsala ndi umodzi, wapakati, wabwinobwino, mudala anaika dzanja pamwamba pake.

"Uwu usiyeni."

"Imwe, mwapenga?"

"Ndimakonda maluwa," anatero mudala. Anaunyamula yekha, msana ukulira, n'kukauika pafupi ndi mpando wake, pamtetete. Anatenga kheni yake yomata ija n'kuuthiriranso. Ife tinakwera lole phokoso litayamba. Zimene zinachitika kumeneko sindinafunse, si za kwanga.

Ndinauza dalaivala kuti aponde, tikapeze msika usanatseke. Mwana wanga anandipatsa kansalu kuti ndipukute kumaso, ndinakana. Ndinatsika pamsika ndi unga wanga pamphumi, kudutsa pakati pa matebulo, anthu akundiyang'ana, kudutsanso pakhomo penipeni pa butchala, pang'onopang'ono.

Mayi uja ndinamupeza akulongedza nsomba m'dengu. Anandiyang'ana pamphumi nthawi yaitali. Anatenga zikuluzikulu ziwiri n'kuziika padera.

"Unga mwabwera nawo," anatero. "Ndiwo zilipo. Nanga mbaula muli nayo, kapena nayonso anatenga?"